Zithunzi Zomwe Bambo Sanapereke

"Zimitsa," anatero Chisamba. Koma mlongo wake Mzime anangoigwirabe foniyo m'mwamba mpaka kakanemako kanatha, nkuyambiranso kokha.

Kanali kakanema kosakwana ndi mphindi yomwe. Bambo awo ali gone chammbali pa siteji ya minibasi, m'tsinde mwa khoma la buluu, tayi atapotokera paphewa. Mowazungulira munali miyendo yokhayokha: mathalauza, masiketi, tayala la njinga. Panalibe wowerama. Chakumapeto kunkamveka mawu a mwamuna amene ankajambulayo, akuseka chapansipansi: "Mdala wayamba m'mawa lero."

"Munthu woti mowa sanaulawepo chibadwire," anatero Mzime. "Kuntchito kwanga aliyense wakaona. Wina wanditumizira ine ndemwe, osadziwa kuti ndi bambo anga."

"Mayi akaona?"

"Ayi."

"Asakaone."

Anali atatha masiku atatu chiikireni maliro. Alendo anali atabalalika, mipando yobwereka itabwezedwa, ndipo ntchito imene inatsala inali yolongedza kachipinda ka bambo. Chisamba, yemwe anali mphunzitsi wa sekondale, ankayenera kubwerera kuntchito Lolemba. Mzime anali wokonza magetsi, munthu wa mawu ochepa koma wa mtima wapachala. Maina awo enieni ankamveka kuntchito kokha. Pakhomo bambo ankawaitana Chisamba ndi Mzime, ngati kuti pakati pa woyamba ndi wotsiriza panali ana ena khumi, chikhalirecho anali awiri okhawo.

"Nanga kamera ili kuti?" Mzime anapitiriza. "Kuchipatala anatipatsa magalasi, makiyi ndi chipewa basi. Munaonapo bambo akutuluka pakhomo pano opanda kamera m'khosi? Anthu aja anawavula akadali kupuma. Ndikangomudziwa amene anajambula izi, achemwali, mudzandipeza kupolisi."

Chisamba anakoka dirowa ya tebulo la bambo, imene inkavuta kutseguka pokhapokha utainyamulira m'mwamba pang'ono.

Bambo awo anagwira ntchito yosankha makalata ku positi kwa zaka makumi atatu. Atapuma, anagula kamera yakale kwa mnzawo, ndipo kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse akamwa tiyi ankavala tayi, kukoleka kamera m'khosi, nkutuluka. Ankayenda njira imodzimodzi: kutsika msewu wa masitolo, kudutsa pamsika, mpaka kusiteji, nkubwerera dzuwa lisanafike pamutu. Ankajambula anthu amene sankawadziwa ndi maina omwe. Lachisanu ankakatsukitsa zithunzizo, ndipo sabata yotsatira ankazipereka kwa eni ake kwaulere.

M'dirowamo munali maenvelopu asanu omangidwa ndi kalabala. Pa envelopu iliyonse panali zilembo za bambo, zoongoka ngati mitengo ya mpanda. "Wometa, chitseko chofiira." "Mlonda wa pasitolo ya matayala." "Mayi wa nthochi ndi mwamuna wake." "Wosoka nsapato, pangalande." "Wa zikwama za mafoni, ndi kamwana kake."

Mzime anasuzumira paphewa pa mlongo wake. "Ndi anthu ake omwewo amene anaimirira nkumaonerera. Ponyani m'bini."

"Asiye pomwepo."

Anali mayi awo. Anali ataima pakhomo, dzanja lina litagwira felemu ya chitseko chifukwa miyendo inali itatupa ndi kukhala pansi kwa masiku onsewo.

"Bambo anu anakalambira ku positi," anatero. "Kalata sinagonepo m'nyumba muno mwini wake ali moyo."

"Amayi, si makalata awa. Ndi zithunzi chabe."

"Pamwambapo palembedwa munthu?"

"Palembedwa."

"Ndiye ndi kalata." Anapumira m'mwamba. "Miyendoyi ikanandilola ndikanapita ndekha. Mmodzi wa inu apite mawa."

Anayang'ana Mzime, poti ndiye mwamuna. Mzime anapukusa mutu, maso ali pansi.

"Ine ndikapita kumeneko ndikavulaza munthu, amayi. Musandituma."

Maso a mayi anasunthira kwa Chisamba, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Loweruka m'mawa Chisamba anatsika msewu wa masitolo, maenvelopu ali m'chikwama, mtima ukunyinyirika. Maulendo a bambo aja iye sankawakonda. Ankaona ngati bambo ali ndi chifundo chosefukira kwa anthu a m'misewu, pomwe ana awo ankangolandira zotsalira. Ankakumbukira tsiku limene anamukweza kukhala wachiwiri kwa mphunzitsi wamkulu. Banja lonse linapita kukadya kulesitilanti, koma bambo anathera theka la nthawi pakhomo la khitchini akucheza ndi mayi wotsuka mbale. M'zithunzi za tsikulo mayi wotsuka mbaleyo anatuluka bwino, mano onse pamtunda, pomwe Chisamba mwini phwando anatuluka atatsinzina. Atadandaula, bambo anangoti, "Iwe ndimakuona tsiku lililonse m'mutu mwanga. Uja akumuona ndani?" Yankho limeneli silinamukhutiritse nthawiyo, ndipo silinkamukhutiritsabe.

Chitseko chofiira sichinavute kupeza. Wometa anali pakati pometa mwamuna wina wonenepa amene ankasinza pampando. Anazimitsa makina, kupukuta manja pa epuloni, nkutsegula envelopu. Anaseka.

"A Mundilola awa. Koma asowa masiku ano. Adwala?"

"A ndani?"

"A Mundilola. Timawaitana choncho msewu wonse uno. Sakweza kamera asanafunse kuti, 'Mundilola?' Ngakhale galu ndikhulupirira amamufunsa. Inu ndi ndani wawo?"

Chisamba sanaganizepo kuti ntchito imeneyi ikhalanso yolengeza maliro.

"Ndine mwana wawo. Anatisiya Lachisanu la sabata yatha. Tinaika Lachiwiri."

Wometayo anakhala pansi pa benchi ya makasitomala. Anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali. Mwamuna wonenepa uja anadzidzimuka, mutu uli wometedwa mbali imodzi, nkufunsa ngati magetsi azima.

"Tinamva kuti kusiteji kwagwa mdala," wometayo anatero potsiriza. "Sitinafunse kuti mdala wake uti. Pepani, mayi. Pepani kwambiri."

Pasitolo ya matayala zinayamba moipa. Mlonda anamuona akuyandikira ndi envelopu m'manja ndipo anatambasula ndodo yake kutsekereza njira.

"Ngati ndi kalata yofunsira ntchito, malo kulibe. Ngati ndi zopempha thandizo, abwana kulibe."

"Ndabwera kwa inu."

"Kwa ine? Ndakulakwirani chiyani?"

Anailandira envelopuyo ndi nsonga za zala ngati yotentha. Ataona chithunzi chake, ataima njo pambali pa mulu wa matayala ngati msilikali, nkhope inafewa pang'ono, koma sanapepese. Atamva za imfayo anavula chipewa, kuchigwira pachifuwa, kenaka galimoto inaliza hutala pageti ndipo anathamangira kukatsegula. Chisamba anadikira pang'ono, koma mlondayo sanacheukenso.

Mayi wa nthochi anali pakhomo la msika, akukupiza ntchentche ndi kachikatoni. M'chithunzi chake anali atakhala pambali pa dengu, mwamuna wamtali atamugwira paphewa. Anachiyang'ana, kutsonya, nkuchipinda pakati mosamala. Kenaka anachitambasula, nachidula motsatira mzere wa pamene anapindapo.

"Ameneyu anandithawa sabata ziwiri zapitazo, ndi wailesi yanga yomwe," anatero, akuponya theka la mwamunayo m'makoko a nthochi. Theka linalo analiyandikizitsa kumaso. "Koma ine ndatuluka bwino. Bambo anu aja anali ndi dzanja. Anandiuza kuti ndisaseke mokakamiza, ndingoganiza za munthu amene ndimamukonda. Ndinaganiza za mwana wanga, chitsiru ichi chikuyesa ndi icho."

Chisamba anapezeka akuseka, koyamba chichitikireni malirowo, ndipo kusekako kunamupweteka m'chifuwa. Mayiyo anathyola nthochi ziwiri nkumuikira m'chikwama osafunsa.

Khoma la buluu analiona akadali patali. Linali lalifupi kusiyana ndi mmene linkaonekera m'kakanema kaja. Patsinde pake panali pataima anthu odikira minibasi, wina akudya mtedza, wina akukangana ndi foni. Mtsikana wina anali ataponda penipeni pamene mutu wa bambo unagona. Chisamba anafuna kumukankha. M'malo mwake anatembenuka nkuyang'ana ngalande.

Wosoka nsapato anali pansi pa ambulera yong'ambika, m'mphepete mwa ngalande yaikulu imene inkalekanitsa siteji ndi njira yopita kumsika. Anali bambo wachikulire wa imvi zapatalipatali, ulusi uli kukamwa. Asanaone ndi envelopu yomwe, anamuyang'ana Chisamba kumaso nkulavula ulusiwo.

"Mphumi imeneyo ndaidziwa. Ndinu Chisamba."

"Mwandidziwa bwanji?"

"Ankakutchulani pano mpaka tinatopa nanu. Khalani, mwanangu." Anapukuta kabenchi ndi chikhatho. "Ndinafuna kubwera kumaliro, koma kwanu sindikudziwa. Zaka zisanu ndi chimodzi tikucheza pano, sindinafunsepo kuti amakhala kuti."

M'chithunzi chake munali manja okhaokha, akulowetsa singano m'chidendene cha nsapato ya mwana wasukulu. Anachiika m'thumba la shati, nkumanga batani.

"Munalipo tsiku lija?" Chisamba anafunsa.

"Ndinalipo."

"Ndaona kanema. Anthu anangoima."

"Anaima, ndithu. Sindingakunamizeni. Inenso ndinawaona akutsamira khoma, ndinati mwina akupuma, ndimalize kaye msoko uwu. Ndinasoka kanayi kapena kasanu. Misoko imeneyo ikundisowetsa tulo. Koma kanemayo ndi wamfupi, mwanangu. Nkhani yake inatenga nthawi. Kunabwera mayi wina, wodutsa chabe, sindimudziwa. Anavula nsalu yake nkuwatsamiritsa, akuwamasula tayi. Ine ndinawagwira mutu. Galimoto zitatu tinaimitsa, zonse zinadutsa, mwini wa ina anachita kukweza galasi. Kenaka dalaivala wa minibasi ina, itadzaza kale yongoti inyamuke, anatsitsa anthu onse. Ena anamutukwana kuti akuwachedwetsa kuntchito. Iye anangoti, 'Tukwanani muli pansi.' Ndi amene anawatengera kuchipatala. Mayi uja anakwera nawo, nsalu yake sanabwerere nayo."

"Analankhula chilichonse?"

"Anapepesa. Anati, 'Ndakusokonezani ntchito.' Basi."

Chisamba anayang'ana kumbali. Minibasi ina inkabwerera chambuyo, kondakitala akumenya chitseko ndi chikhatho.

"Nanga kamera?"

"Imeneyo inapita. Pamene tinkawakweza, m'khosi munalibe kanthu. Manja anali ambiri, ena othandiza, ena ayi. Sindinaone."

Chisamba anatulutsa envelopu yotsiriza. "Wa zikwama za mafoni ali pati?"

Wosoka nsapato anawerenga zilembozo, ndipo nkhope yake inasintha. Anatola nsapato, kuitembenuza, nkuibwezanso pansi.

"Imeneyo mungondisiyira. Ndimupatsa ndine."

"Chifukwa?"

Wosoka nsapato anaponya maso cha kusiteji, nkuwabweza msanga. Chisamba anazindikira pomwepo.

"Ndi iyeyo anajambula."

"Ndi iyeyo. Uyo wavala malaya achikasu, pafupi ndi mtengo wa magetsi. Chichitikireni zija sanandipatsepo moni. Amadutsa cha kutali."

Chisamba anakhala pakabenchipo, envelopu ili pamiyendo. Akanatha kuing'amba ngati mmene anachitira mayi wa nthochi uja. Akanatha kuimbira Mzime, ndipo pasanathe theka la ola zikwama za mafoni zikanakhala zili mbwee m'ngalande. Mbali ina ya mtima wake inkafuna zimenezo kwambiri. Anatsegula envelopuyo, poti inali yosamata. Mwamuna wa zaka ngati makumi atatu anali atanyamula kamtsikana paphewa, kakugwira makutu ake ngati zogwirira njinga. Onse awiri ankaseka. Chinali chithunzi chabwino kuposa zonse zisanu.

Anaimirira.

Mwamuna wa malaya achikasu anamulandira ngati kasitomala. "Foni yanu ndi mtundu wanji, mayi? Zilipo zofewa, zilipo zolimba."

Chisamba anamuonetsa chithunzicho osamupatsa. Mwamunayo anamwetulira, natambasula dzanja, kenaka anaona zilembo za pa envelopu ndipo dzanjalo linaima m'malere.

"Anali bambo anga," anatero Chisamba. Mawu ake anatuluka ofatsa, ngati mmene ankalankhulira m'kalasi mwana akalakwa kwambiri. "Tsiku limene anakujambulani ichi, anakupemphani?"

"Anandipempha."

"Anati chiyani?"

"Anati, 'Mundilola?' Anafunsanso mwanayo payekha."

"Nanga inu munawapempha?"

Anthu ankadutsa pakati pawo ndi m'mbali. Mwamunayo anayamba kusanja zikwama zimene zinali zosanja kale.

"Ndinkaima kumbuyo kwa anthu, mayi. Nkhope sindinaione bwino poyamba. Ndinayesa woledzera. Nditazindikira kuti ndi iwo, ndinali nditatumiza kale kwa mnzanga mmodzi. Mmodzi yekha. Sindinadziwe kuti kafika kutali."

"Kafika kwa mwana wawo. Akanakhala woledzera, bwenzi zili bwino?"

Mwamunayo anatulutsa foni m'thumba, nafufuta kakanemako Chisamba akuona. Onse awiri ankadziwa kuti zimenezo sizibweza kanthu. Madzi anali atatayika kale.

Nthawi yomweyo foni ya Chisamba inalira. Anali Mzime.

"Mwafika kusiteji, achemwali? Alipo wanena za amene anajambula?"

Chisamba anamuyang'ana mwamunayo m'maso. Mwamunayo anali atamva.

"Ndamva zambiri," anatero Chisamba pafoniyo. "Pali dalaivala wina amene tiyenera kumufunafuna, tikamuthokoze. Zina tikakambirana ndi mayi kunyumba."

Anadula foni. Anabwezera chithunzi chija mu envelopu nkuiika pamwamba pa zikwamazo.

"Sindikukupatsani chifukwa ndakukhululukirani. Sindinafike pamenepo. Koma palembedwa inu."

Mwamunayo anatsegula pakamwa kuti alankhule, koma Chisamba anali atatembenuka kale. Pofika pa ambulera yong'ambika ija anakhala pakabenchi osadikira kuuzidwa, ndipo misozi imene inakana kutuluka kumanda inatuluka pamenepo, pakati pa nsapato za anthu osawadziwa. Wosoka nsapato sanamutonthoze. Anangosunthira ambulera kuti imutchinge kwa odutsa, napitiriza kusoka.

Atapukuta maso, anaona mayi wina ataima tsidya lina la ngalande, mwana ali kumbuyo, thumba lolemera lili m'manja. Ankayang'ana uku ndi uku, kufuna powolokera. Ngalandeyo inali yotakata, madzi akuda akuyenda pang'onopang'ono. Anyamata ankangolumpha, koma mayiyo sakanatha. Pansi m'ngalandemo munali thabwa lalitali, mbali imodzi itamira m'matope.

"Imeneyonso inali ntchito ya bambo anu," anatero wosoka nsapato, osadzutsa mutu. "A mawilibala amaligwetsa madzulo aliwonse. M'mawa akafika pano, asanandipatse ndi moni womwe, ankandisungitsa kamera, kukwinya mikono ya shati, nkulivuula. Sabata yatha tsopano lili momwemo. Tonse timangoliyang'ana, ineyo ndemwe."

Chisamba anaika chikwama pakabenchi. Anagwada m'mphepete mwa ngalande, siketi yakuda ikukhudza fumbi, nagwira nsonga ya thabwalo. Linali loterera ndiponso lolemera kuposa mmene linkaonekera. Linamupulumuka kamodzi, matope nkumudetsa m'manja ndi pachibwano. Kachiwiri analikoka mpaka linatuluka, nalikankha mpaka nsonga inayo inakagwira tsidya lija.

"Musamuuze awoloke kaye," anatero wosoka nsapato. "Ankayamba aliponda okha."

Chisamba anakwera pathabwapo. Anayenda mpaka pakati, nadzigwedeza pang'ono. Thabwalo linalira koma silinasunthe. Anabwerera, napatuka.

Mayi uja anawoloka mosamala, maso ali pamapazi ake. Atafika tsidya lino anakonza mwana kumbuyo, nasintha thumba kupita dzanja lina, nkulowera kusiteji osacheuka.

Chisamba anamuyang'ana mpaka anasowa m'gulu la anthu.

"Ankawathokoza?" anafunsa.

"Ndani?" anatero wosoka nsapato, akumupatsa kansanza kopukutira manja.